Kalata Yobwerera pa Chiwongolero

Lolemba, pa 6 Meyi

Wandigulira kope ili ndi mwana wanga wachisamba. Akuti ndizilembamo zimene madokotala akunena, chifukwa ine ndikamafotokoza pakamwa ndimachotsamo zimene sizikundikomera. Mwana wopanda ulemu, koma sakunama.

Ndili muno kuyambira Loweruka. Wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera limene silitseguka.

Chandibweretsa ndi ichi. Loweruka masana tinali pabwalo la depoti kudikira nthawi yonyamuka. Makaniko wina ankatsanzira mmene a Kapitawo athu amayendera akapsa mtima, mimba patsogolo, manja kumbuyo. Ndinaseka. Mawondo anangolobodoka, ndinagwa n'kumenyetsa mutu pa sitepe ya basi. Andisoka pamwamba pa khutu lamanja. Chodabwitsa n'chakuti sindinakomoke. Ndinkamva zonse: wina akuitanitsa madzi, wina akuti ndi khunyu, wina akuti “akaziwa ntchito iyi si yawo.” Mwini mawu amenewo ndinamuzindikira, ndipo tidzaonana. Koma kuti ndikweze dzanja, zinakanika. Patapita mphindi imodzi kapena ziwiri ndinadzuka ndekha, magazi ali chuchuchu.

Ndine dalaivala wa basi yaikulu, ya anthu 65. Chaka chino n'chakhumi ndi chinayi, ndipo sindinagundepo ngakhale nkhuku. Pa depoti pathu madalaivala tilipo makumi anayi, wamkazi ndine ndekha. A Kapitawo anena mosapita m'mbali kuti popanda kalata ya dokotala, chiwongolero sindichigwiranso. Ndiye ndabwera kudzatenga kalatayo. Zinazi ndikungopirira.

Kuthamanga kwa magazi 136/84. Shuga ali bwino. Mapiritsi awiri a mutu, katatu pa tsiku.

Lachiwiri, pa 7 Meyi

Muno amadzutsa anthu 5 koloko kuti awafunse ngati agona bwino. Kenako kuyeza kutentha kwa thupi, mankhwala, kukolopa, tiyi. Tiyi wake ukamuyang'ana umaona pansi pa kapu.

Kumanzere kwanga kuli mayi wa sitiroko, ntchito yawo ndi telala. Dzanja lamanzere silikugwira, koma pakamwa pakugwira ntchito ya anthu atatu. Akuti chimene chikuwakweza magazi si matenda, koma mayunifolomu a anamwino mmene anasokedwera mokhota. Kumanja kuli mtsikana wa mutu waching'alang'ala amene amadziphimba kumaso tsiku lonse. Sitinalankhulane.

M'mawa andilowetsa m'makina ojambula mutu. Mphindi 20, phokoso lake ngati injini yopanda oyilo.

Masana kunabwera dokotala wa za ubongo ndi mitsempha, bambo wamfupi wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Amayenda ndi kanyundo ka labala m'thumba, ndiye a Telala awapatsa kale dzina, a Kanyundo. Anandigogoda pansi pa bondo, mwendo n'kudumpha wokha.

“Ine sindinautume,” ndinatero.

“Sunafunse kwa inu,” anatero. “Uthenga wapita mumsana n'kubwerera pomwepo. Zambiri m'thupi zimayenda inu osauzidwa, mayi. Mtima, mapapo, matumbo, zonsezi mitsempha imaziyendetsa yokha.”

Anafunsa mafunso ambiri. Mowa? Ayi. Khunyu kumtundu kwathu? Ayi. Kugwa poseka, n'koyamba? Ndinati inde, ngakhale mawondo akhala akundifookera ndikaseka kwambiri, kungoti ndimakhala nditatsamira china chake. Masana ndimagwidwa tulo? Ndinati ayi. Pamenepa nkhani ndinaidula pakati. Kumapeto kwa ulendo, podikira nthawi, ndimatsamira chiwongolero pang'ono ngati dalaivala wina aliyense. Koma basi ikuyenda sindinagonepo. Izi ndingalumbire.

Lachitatu, pa 8 Meyi

Chandipeza muno, masanasana.

Nditadya ndinagona chagada. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinatsegula maso, ndikuona denga, ndikuona botolo la diripi la mtsikana uja, ndikumva wokolopa akukoka ndowa. Koma thupi lonse lili gwa. Dzanja osasuntha, mwendo osasuntha, lilime ngati si langa. Pachifuwa ngati andikhazika thumba la simenti. Ndipo kumiyendo kwa bedi kunaima munthu, yemwe uja amabwera nthawi zonse, amene sindimuona nkhope. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, koma a Telala akuti chimene chinatuluka ndi kakubuula ngati ka mwana wa mphaka. Anatambasula dzanja lawo labwinolo n'kundigwira phewa, zonse n'kumasuka nthawi imodzi.

Zimenezi zakhala zikundichitikira zaka zitatu, kawiri kapena katatu pa mlungu. Sindinauzepo munthu, ngakhale mwana wanga. Ndilembe zoona, poti kopeli ndi langa: ndinkaganiza kuti anzanga a kuntchito akundilodza. Ndinali nditasankha kale atatu owaganizira, ndipo mmodzi wa iwo ndinasiya kumupatsa moni.

Ndinawapempha a Telala kuti asauze munthu. Anavomera bwinobwino. Namwino atangolowa ndi mankhwala, iwo ndi awo: “Anesi, anzangawa anauma ngati thabwa, maso ali tong'o.”

Ndawakwiyira. Nthochi zimene anandipatsa sindinadye.

Lachinayi, pa 9 Meyi

A Kanyundo anakoka mpando n'kukhala, zimene madokotala sachita kawirikawiri. Ndinaona kuti kubisa kwatha, ndinafotokoza zonse za zaka zitatuzi, mpaka za munthu wa kumiyendo uja. Ndinkayembekezera kuti aseka kapena anditumiza kwa amisala. Anangogwedeza mutu ngati ndikuwauza za chimfine.

Ndilembe mmene anafotokozera, mwana wanga adzawerenge.

Tulo tili ndi zigawo. Pali chigawo china chimene munthu amalota kwambiri. Pa nthawi imeneyo ubongo umakhala uli pakalikiliki ngati munthuyo ali maso, ndipo ukanasiyidwa, wolota akuthamanga bwenzi akuthamangadi, wolota ndewu bwenzi akumenya amene wagona naye. Ndiye pansi pa ubongo, pamene umalumikizana ndi msana, pali kamalo kamene kamatumiza uthenga wotseka minofu ya manja, miyendo ndi khosi. Zimene zimatsala zikugwira ntchito ndi maso, mtima, ndi mnofu waukulu wopumira wa pansi pa mapapo. Aliyense amauma chonchi akamalota, kungoti sadziwa chifukwa ali m'tulo.

“Inuyo mukumadzuka uthengawo usanachotsedwe,” anatero.

“Ndiye kuti dalaivala wakhala kale pampando koma handibuleki sanaitsitse,” ndinatero.

Anamwetulira, akuti mawuwo adzawabwereka.

Kulemera kwa pachifuwa akuti n'chifukwa choti minofu ya m'nthiti imakhala idakali yotsekedwa. Munthu akafuna kukoka mpweya wambiri amalephera, ngakhale wokwanira ukulowa ndithu. Palibe amene amafa nazo. Munthu wa kumiyendoyo ndi maloto amene sanathe, osakanikirana ndi mantha. Ubongo ukaona kuti thupi lagwidwa umafunafuna amene waligwira, ndipo ukamusowa umamupanga wokha. Akuti anthu ambiri zimawachitikira kamodzi kapena kawiri pa moyo wawo, makamaka otopa ndi ogona chagada. Zikandipeza ndiziyesa kugwedeza chala chimodzi n'kumapuma pang'onopang'ono, zimatha zokha.

Ndinachita manyazi pokumbukira mnzanga uja ndinasiya kumupatsa moni. Zaka ziwiri, munthu wosalakwa. Ndi wamwano ndithu, koma mfiti ayi.

Ndinafunsa za kalata. Anati kuuma kwa kutuloku pakokha sikuletsa munthu kuyendetsa galimoto. Chimene chikuwavutitsa maganizo n'chakuti kwa ine kukubwera pafupipafupi, ndiponso kugwa poseka kuja. Akuti mwina uthenga wotseka minofu uja ukumatuluka ndili maso. Akufuna andiyeze tulo mlungu wamawa.

Masana anandimata mawaya m'mutu oyezera khunyu. Madzulo ndadya nthochi za a Telala, zinali zitayamba kuda.

Lachisanu, pa 10 Meyi

Zotsatira zabwera. M'mutu mulibe chotupa, mulibe magazi oundana, khunyu palibe. Dokotala wina, amene anandisoka uja, wandipatsa pepala lodinda: bala likupola bwino, khunyu sanalipeze. Ndinaimbira a Kapitawo n'kuwawerengera.

“Eya, ndi lomwelo tikufuna,” anatero. “Mukatuluka mubwere nalo. Basi yanu anzanuwa akuitha magiya.”

Pepalalo ndalipinda n'kuliika m'chikwama, pamodzi ndi laisensi. Za kuyeza tulo sindinawauze. Sanafunse.

Masana a Telala ankafotokoza za kasitomala amene anabweretsa nsalu ya mamita awiri kuti amusokere diresi, mwiniwakeyo ali wa mamita anayi. Ndinali ndi kapu m'manja. Chibwano chinagwa, khosi linagwa, kapu inagwa. Namwino anaona zonse n'kulemba. Tsopano a Telala akuti azindichenjeza asanayambe nthabwala, ndiziika kaye pansi chimene ndagwira.

Loweruka, pa 11 Meyi

Pabala pakuyabwa. Kunja mvula. Ndagona kanayi masana, poti muno mulibe chochita. Mtsikana wa mutu uja watuluka, ndipo nkhope yake ndaiona potsanzikana. Kuthamanga kwa magazi 130/82.

Lamlungu, pa 12 Meyi

Mwana wanga ndi mkamwini anabwera ndi mpunga wa nkhuku ndi malalanje. Mkamwini anangopereka moni n'kupita kukaima pakhonde, amaopa fungo la chipatala. Mwanayo ndinamuonetsa tsamba la Lachinayi lokha, enawo ndinaphimba ndi dzanja. Atamaliza kuwerenga anati:

“Zaka zitatu, amayi? Chaka choyambacho ndinali ndisanakwatiwe, ndinkagona kuseri kwa khoma lanu.”

Ndinati sindinkafuna kumuopseza. Anati bodza, ndinkaopa kuoneka wofooka. Ndinamuuza kuti asende malalanje.

Atapita, anaimba foni dalaivala wachikulire amene anandiphunzitsa basi yaikulu. Ameneyu ndinamuuza za kuyeza tulo.

“Mlongo wanga, pepala uli nalo kale, ukufunanso chiyani?” anatero. “Ukakagona pa makina awowo, wadzichotsa wekha ntchito.”

Pa depoti pathu mawu oti tulo satchulidwa. Munthu amati akupumitsa maso. Amene wavomera kuti amasinza, mwezi sutha asanamupatse tsache losesera pabwalo. Ndiye aliyense ali ndi njira zake: kutafuna chingamu, kutsegula zenera ngakhale kuzizire chotani, kuika kamwala mu nsapato, kudzitsina ntchafu. Ine yanga ndi yotsinayi. Ntchafu yanga yamanja ili ndi zipsera zakuda za zaka. Namwino ataziona tsiku loyamba anandifunsa motsitsa mawu ngati kunyumba kuli mtendere.

Tulo timabwera, sindikukana. Koma ndimatigonjetsa. Ndiyo ntchito ya dalaivala imeneyo.

Lolemba, pa 13 Meyi

Achotsa ulusi. Madzulo andisamutsira m'kachipinda koyezera tulo. Mawaya m'mutu, pambali pa maso, pachibwano, pamiyendo, ndi lamba pachifuwa. Ndikuoneka ngati basi imene amakaniko aimasula dashibodi. Kulemba kukuvuta.

Lachiwiri, pa 14 Meyi

Ndagona bwino, kuuma kamodzi kokha m'bandakucha. Ndinagwedeza chala monga anandiuzira. Munthu uja anaima pamalo pake pomwepo, koma sindinamuope kwambiri. Ndinamuuza mumtima kuti ndakudziwa, ndiwe wa m'mutu mwanga momwemu.

Masana ndiye mayeso enieni. Kasanu, maola awiri aliwonse: 9 koloko, 11, 1, 3 ndi 5. Mayi woyendetsa makina amazimitsa getsi n'kunena kuti, “Tulo tikabwera gonani, musalimbane nato.” Pakapita kanthawi amayatsa n'kufunsa ngati ndagona.

Ndinalimbana nato. Ndinaluma lilime. Ndinadzitsina pansi pa bulangete. Ndinawerenga mumtima masiteji a msewu wanga, onse 31. Kasanu konse ndinayankha kuti sindinagone, ndipo sindinkanama. Mayiyo ankangolemba, nkhope yosasonyeza kanthu.

Ndabwerera kuwodi ndikuyenda monyada. Ndawauza a Telala kuti makinawo ndawagonjetsa. Iwonso anali ndi nkhani yawo: chala chachikulu cha dzanja lodwala lija chagwedezeka pang'ono. Onse otha kuyenda tinazungulira bedi lawo kukachiona.

Lachitatu, pa 15 Meyi

A Kanyundo anabwera m'mawa ndi mapepala a mizere yokhotakhota. Kasanu konse ndinagona. Koyamba patatha mphindi zinayi, kachiwiri zitatu, kachitatu imodzi ndi theka, kachinayi zinayi, kachisanu ziwiri. Katatu ndinalowa m'chigawo cholota chija nthawi yomweyo, pamene munthu wabwinobwino amafikako patapita ola ndi theka.

Ndinati makinawo ndi owonongeka. Ndinati ndinkawerenga masiteji, ndingagone bwanji ndikuwerenga.

“Munkafika siteji yachingati?” anafunsa.

Ndinayesa kukumbukira. Nthawi zonse ndikukumbukira mpaka cha pamsika waukulu, kenako ndikukumbukira getsi likuyaka.

Matendawa akuti dzina lake ndi nakolepsi, andilembera papepala. Mu ubongo muli timadzi tina timene timagwira chitseko cha pakati pa kugona ndi kukhala maso. Kwa ine tachepa, ndiye chitsekocho chimangotseguka chokha. Tulo timalowa masana, maloto amalowa ndili maso, kutsekeka kwa minofu kumabwera ndikaseka. Sachizika, koma mankhwala alipo othandiza kwambiri. Za ntchito ananena osazungulira: pakadali pano chiwongolero ayi. Galimoto yaing'ono mwina, pakapita miyezi mankhwala akagwira. Basi ya anthu 65 sangandilonjeze.

“Chovuta n'chakuti munthu amagona masekondi angapo osadziwa,” anatero. “Funsani amene amakhala nanu pafupi pantchito. Kalata yanga ndilemba zoona zokhazokha, ndipo ndikupatsani m'manja mwanu.”

Ndinati pa chiwongolero n'zina, pamenepo ndimakhala tcheru. Mumtima ndinkaganiza za pepala la m'chikwama lija.

Nthawi ya alendo kunabwera a Kondakitala anga. Ndi bambo wa imvi, wa zaka pafupifupi 60, wosalankhulalankhula. Tayenda limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Anabweretsa buledi ndi mazira owiritsa, n'kukhala kumapeto kwa mpando chipewa chili pabondo. Ndinkafuna mboni, ndiye ndinayamba ndine.

“Achimwene, tandiuzani. Dokotala akuti ndimagona osadziwa. Inu munandionapo nditagona basi ikuyenda?”

Anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali.

Pa basi pathu kondakitala amalankhula ndi dalaivala pomenya chitsulo chogwirira anthu ndi ndalama yachitsulo. Kamodzi ndiye imani, kawiri ndiye tiyeni. A Kondakitala angawa chaka chathachi anayamba chizolowezi chomenya katatu, mwamphamvu, pakati pa msewu popanda siteji. Anasiyanso kuima pakhomo n'kumaima kumbuyo kwa mpando wanga. Ndinawakalipira kangapo anthu akumva. Tsiku lina ndinawauza kuti ngati akufuna kuimba ng'oma akalowe kwaya.

“Katatu kaja, mayi,” anatero, “ndimakhala ndikukudzutsani.”

Akuti amayang'ana maso anga pa galasi la pamwamba lija. Sinditsinzina ayi. Maso amangoima osaphethira, chibwano n'kutsika pang'ono. Akaona choncho amamenya chitsulo.

“Kangati pa tsiku?”

“Tsiku labwino, kawiri. Kukatentha masana, pa msewu wowongoka uja tikawoloka mlatho, ngakhale kasanu.”

Ndinakumbukira za mwezi wa Malichi, pamene basi inasiya mzere n'kukwera m'mphepete mwa msewu pafupi ndi geti la sukulu, ana akuweruka. Tsiku limenelo ndinafika pa depoti nditalusa, ndinawatukwana amakaniko kuti chiwongolero chikukokera mbali imodzi. Anaimika basi masiku awiri osapeza vuto, ine n'kumati ndi mbuli za anthu. Ndinawafunsa a Kondakitala za tsiku limenelo.

“Ndinachedwa kumenya,” anatero. “Ndinkapereka tikiti.”

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati ndikanawalalatira mpaka depoti yonse kumva, zimene ndi zoona. Anatinso ankadziwa kuti nkhaniyi ikamveka ndichotsedwa, ndipo pali ena kumeneko amene akanachita phwando. Kenako ndinazindikira chinthu china. Bambowa chaka ndi theka sanapiteko kutchuthi. Malungo atawagwira mu Januwale anabwera kuntchito akunjenjemera, ine n'kumawaseka kuti amakonda basi kuposa akazi awo.

“Kondakitala wina sakanadziwa poyang'ana,” anatero. “Koma ndinalakwa, mayi. Si nzeru imene ija. Ndipo ndatopa. Maso anganso akukalamba.”

Ndinasenda dzira limodzi n'kuwapatsa, anadya, kenako belu lotulutsa alendo linalira.

A Telala anamva zonse. Anangonditambasulira nthochi.

Lachinayi, pa 16 Meyi

M'mawa ndinatulutsa pepala lodinda lija n'kuliwerenga kawiri. Mulibe bodza m'menemo. Bala lapola, khunyu palibe. Ndikanakalipereka, Lolemba 5 koloko bwenzi ndili pampando wanga, a Kondakitala ali kumbuyo kwanga ndi kandalama kawo m'manja.

Ntchito imeneyi ndinaivutikira. Ndinayamba ndi kutsuka mabasi, zaka zitatu, manja ali m'madzi ozizira. Mayeso a basi yaikulu ndinakhoza ulendo woyamba, pa amuna asanu ndi awiri amene ndinali nawo anayi atalephera. Mwana ndamulera nayo ndekha. Ntchito ina sindiidziwa, ndipo ndili ndi zaka 47. Ndikuopa, komanso zikundiwawa kwambiri.

A Kanyundo atabwera ndinawauza zonse: mawondo, ntchafu, kumenya katatu, geti la sukulu. Ndinawauzanso kuti pa mayeso paja ndinkaluma lilime. Anati anaziona pa mawaya a pachibwano. Analemba kalata yawo pomwepo, kope langa lili pansi ngati tebulo.

Ndinaimbira a Kapitawo 2 koloko, ndisanasinthe maganizo. Ndinawawerengera kalata yonse.

“Mukudziwa chimene mwachita?” anafunsa.

Ndinati ndikudziwa. Anati aona ngati kuli malo ku ofesi yokonza ndandanda ya maulendo, koma sakulonjeza. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti a Kondakitala awapatse tchuthi chawo chonse.

Mankhwala ndiyamba Loweruka m'mawa: piritsi limodzi lothandiza kukhala maso, lina la kugwa poseka ndi kuuma kwa kutulo. Kugona nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Kugona dala kawiri masana, mphindi 20. Kugona chammbali, osati chagada. Kubweranso pakatha milungu inayi.

Madzulo mwana wanga atabwera ndinamupatsa kope lonse, osaphimba tsamba lililonse. Anawerenga ataima pazenera. Atamaliza sanandinyoze, anangondikonzera pilo.

Lachisanu, pa 17 Meyi

Ndikulemba ndili kunyumba.

Anditulutsa 11 koloko. A Telala atsala, akuti mwina milungu ina iwiri. Potsanzikana anandichenjeza kuti ndikhale kaye pansi, ali ndi nkhani yomaliza. Ndinakhala. Anandiyang'ana, nkhaniyo osabwera, n'kungondigwira dzanja.

Mwana wanga anabwera ndi kagalimoto ka mkamwini. Kwathu zimadziwika kuti ine sindiyendetsedwa ndi munthu. Ndikakwera galimoto ya wina ndimaponda buleki pamene palibe buleki, ndimalangiza mpaka mwini wake atatopa n'kundisiyira. Ndiye titafika poimika magalimoto, mwanayo mosaganiza ananditambasulira makiyi monga amachitira nthawi zonse. Inenso mosaganiza ndinalandira. Ndinafika mpaka potsegula chitseko cha dalaivala.

Tinayang'anizana pamwamba pa denga la galimoto.

“Amayi,” anatero.

Ndinazungulira, ndinamupatsa makiyi, ndinakhala mbali inayo n'kumanga lamba. Misozi inatuluka, ndipo sindinaibise. Ndinamuuza kuti abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono chifukwa kuli mzati, komanso asamakhalitse phazi pa kilatchi. Anati, “Chabwino, amayi.” Ndikukumbukira tikutuluka pageti. Ndikukumbukira maloboti oyamba ali ofiira, ine ndikufuna kumuuza kuti ayambe msanga kuponda buleki.

Kenako anali akundigwedeza phewa, galimoto itaima pakhomo pathu, injini itazima. Ndinayang'ana wotchi, panali patapita mphindi 35. Ndinamufunsa kuti tadzera njira iti.

“Ya masiku onse, amayi,” anatero. “Ya basi yanu yomwe ija.”